Mawu Asanu Oti Achoke

Sitima yochokera ku Ellenbrook itangonyamuka, Mayi Msaiwale anakhwatcha mawu ena pa mzere wachiwiri wa kalata ya mwana wawo Tasha ndi cholembera chofiira.

"Wati yatalika ndi mawu asanu, eti? Ndachotsa. Ukakonze, utumize."

Kalatayo inali yofunsira malo kusukulu ya udokotala, ndipo tsiku lomaliza linali lomwelo. Chiganizo cha Chingerezicho chinkati amayi ake, okolopa m'chipatala cha ku Nedlands, ndiwo anamuphunzitsa kusanyansidwa ndi odwala. Tsopano zokolopazo zinali zitafufutidwa.

"Mawu ongofotokoza dzina ngati amenewa ukawachotsa, chiganizo sichigwa," anatero mayiwo. "Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka khumi ndi ziwiri ku Dedza ine tisanabwere kunja kuno, usanditsutse. Madokotala akawerengerenji za mopu wanga?"

Tasha ankawayankha m'Chingerezi masiku onse. Apa anayankha m'Chichewa chake chopotoka chija.

"Chiganizo sichigwa, Amayi. Koma chikhala chikunena za mayi wina."

Tasha anatenga cholemberacho, nakhwatcha mzere wonena za mendulo yake ya masamu, nabwezeretsa mawu aja pamwamba.

Mayi Msaiwale anayang'ana pawindo mpaka siteshoni yotsatira, akusisita baji ya pa yunifolomu yawo. Kenako anatsomphola pepalalo.

"Bweretsa kuno. Taona, mpatuliro wotsegulira waika, wotsekera osaika. Ngati ndikulowa m'kalatamu, ndilowe bwinobwino."

Anaika kampatuliro kofiirako, akutsindika mpaka pepala linabooka.