Moto wa Aprofesa Ashdown

"Lumphani, Aprofesa! Ndevuzo sizipsa!"

Aprofesa Ashdown anapinda buluku n'kulumpha motowo, ophunzira akukuwa ndi chimwemwe. Koleji yawo ya ku Oxford inali itatha zaka makumi asanu ndi limodzi osapambana mpikisano wopalasa bwato, mpaka ana anaiwala zoti opambana amatentha bwato lakale. Tsopano atapambana, anawakumbutsa ndi Aprofesawo, poti buku la mbiri ya kalabu yawo yopalasa bwato analemba ndi iwo.

"Imogen, mwana wanga," anaitana kaputeni wa timu uku akupuma wefuwefu, "bwato louma bwino chonchi mwalipeza kuti?"

"Ndi chofumbwa chija munachipachika kudenga. Palibe amachikwera."

Limenelo linali bwato loyamba la kalabu, la mu 1871, lomwe Aprofesa ankalipukuta fumbi Loweruka lililonse.

"Ndani wakutumani, ana inu?"

"Inuyo, Aprofesa. Pa tsamba 40 munalemba kuti litenthedwe lakale kuposa onse. Mumadandaula kuti sitiwerenga, ndiye tawerengatu."

Aprofesa anavula magalasi, nawapukuta kwa nthawi yaitali.

"Mkungudza weniweni umenewo," anatero motsitsa mawu. "Taonani mmene ukuyakira."