Bokosi la kwa Mahmud

"Tikaika m'bokosi," anatero Mahmud, wokonza makompyuta pa Dowa boma, akusolola kachitsulo kosunga zinthu m'mimba mwa kompyuta yopsa ndi mphenzi.

Bokosi lomaliza kuliona Lines, mayi yemwe anabweretsa kompyutayo, linali lomwe linanyamula amuna ake, a Isake, kupita nawo kumanda ku Malomo chaka chathachi. Nyimbo zonse za kwaya yomwe ankatsogolera, a Isake ankazijambulira m'kompyutamo, ndipo anamwalira asanaziike pa kaseti.

"Ndiye kuti kafadi, bambo?" anafunsa motsitsa mawu. "Ngati n'zokwirira, ndipatseni ndikakwirire ndekha."

Mahmud anamuyang'ana kanthawi, kenaka anagwira pakamwa.

"Pepani mayi, ndayankhula udyo. Ifetu Asilamu wakufa sitimuika m'bokosi. Cholowa m'bokosi muno ndiye kuti chikadapuma."

Analowetsa kachitsuloko m'kabokosi kongokwana m'manja, natseka, nalumikiza chingwe chake ku kompyuta ina. Kanyali kobiriwira kanaphethira. M'katimo munayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Kenaka m'sipika munatsokomola munthu. Kanali kachifuwa kaja ka a Isake, koyeretsa kukhosi asanayambe nyimbo.

"Amayi, mwathamanga," anatero mawuwo, kuuza oimba a kwaya ija. "Tiyambirenso."

Mwana yemwe anali kumsana kwa Lines, wobadwa maliro atachitika kale, anachotsa chala m'kamwa natembenuza mutu kufuna komwe kukuchokera mawu.

Lines anamasula chitenje namubweretsa kutsogolo.

"Kwezani pang'ono, bambo," anatero. "Uyu sanawamvepo."