Zonse Zikungodikira Magetsi

"Tiyatse?" anafunsa bwana, chala chili pabatani. "Thiransifoma yaing'onoyi munasankha ndinu, mayi. Ikapsa, mupsa nayo."

Mayi injiniyayo anayang'ananso mapepala ake. Masamu ake ankasonyeza kuti mabanja a m'deralo sayatsa zipangizo zawo nthawi imodzi. Koma tsikuli magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anaimbira foni mwamuna wake kunyumba, m'dera lomwelo.

"Bambo a mwana, chitofu n'chozimitsa?"

"Ayi. Chitofu, ketulo, ayironi, zonse tazisiya zoyatsa, zikungodikira magetsi. Aliyense kuno amatero. Bwanji?"

"Bwana, dikirani!"

Koma bwana anali atadina kale. Pafoni panamveka ana akukuwa mumsewu monse, "Ayaka! Ayaka!"

Kenaka kunangoti zii.

"Aaa, azimanso," anatero mwamunayo. "Kwanuko wina achotsedwe ntchito basi."