Mafuta a Galimoto mu Njinga ya Mweetwa

Panali munthu wina ku Livingstone, dzina lake Mweetwa, amene ankaperekeza alendo pa njinga kukaona midzi ya ku Simonga. M'mawa wina mkazi wake Sibeso akusesa pakhonde anaona kadontho ka mafuta pa simenti, pansi pa tayala lakutsogolo la njingayo. Anakapukuta osanena kanthu. Mawa lake kanalinso pomwepo.

Njingayo anamusiyira mlendo wina. Mabuleki ake sanali a waya ngati a njinga zathuzi, anali oyendera mafuta m'timapaipi. Sibeso atamuonetsa kadonthoko, Mweetwa anavomera kuti buleki yakutsogolo yayamba kufewa, ndipo anapita nayo kwa ba Clement okonza njinga.

Ba Clement anati mafuta achepa, mpweya walowa, yakumbuyo nayonso yatsala pang'ono. Anati mabuleki amenewo ali ndi mafuta akeake, ayitanitsa ku Lusaka, abwera pa basi.

"Imika njinga, mwana wanga," anatero. "Ndipo osayesa kuikamo ya motoka. Yamadya tumalabala twa mukati."

Koma Mweetwa anali atalonjeza mwana wake wamkazi Mainza kuti Loweruka adzamunyamula kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, popeza anakhoza mayeso. Mwanayo anabadwira m'tauni momwemo, koma ankangoona utsi wa mathithiwo patali.

Pakati pa sabata, akudikira alendo ku eyapoti, Mweetwa anadandaulira woyendetsa takisi wina amene sankamudziwa. Munthuyo anaseka, natulutsa botolo la mafuta a buleki a galimoto m'buti mwa takisi yake.

"Ba mudala bakunamiza, boyi. Mafuta ya buleki ni mafuta ya buleki. Aya yamaimika motoka, yangakange njinga?"

Anathira mbali zonse ziwiri, mabuleki analimba. Kunyumba Sibeso anamukumbutsa mawu a ba Clement.

"Amake Mainza, gwira wekha uone," anatero Mweetwa.

Sibeso anagwira. Analidi olimba.

Loweruka ananyamuka, Mainza ali pa kaliyala atavala diresi yake ya kutchalitchi. Akutsetsereka mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, thiraki yopita kumalire inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwawo. Mweetwa anafinya mabuleki onse awiri, zogwirira zinafika pa handulo osagwira kanthu. Amene anaona akuti anabweza dzanja kumbuyo n'kukankhira mwanayo mu udzu njinga isanagunde thirakiyo. Mainza anathyoka mkono. Bambo ake anamwalira asanafike kuchipatala.

M'mawa mwake ba Clement anafika panyumbapo ndi kabotolo ka mafuta anaitanitsa aja m'manja. Kanali katabwera ndi basi ya dzulo lake masana, ndipo iwo anali asanamve za ngoziyo. Anapeza amuna atakhala panja, azimayi akuyimba m'nyumba. Anavula chipewa, kabotolo kaja anakabweza m'thumba la jekete. Sibeso anali kuchipatala, kumene Mainza ankafunsa ngati apita Loweruka linalo adadi akakonza njinga. Pakhonde panali pasanasesedwe, ndipo banga la mafuta lija linali pomwepo.

Phunziro: Buleki ikafewa kapena ikayamba kudontha, imikani njinga mpaka wodziwa aikonze, ndipo musathiremo mafuta amene si ake, ngakhale munthu wa panjira akutsimikizireni bwanji. Mwana akhoza kudikira Loweruka lina. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene amanyamula mwana pa njinga, ndi aliyense amene anaonapo kadontho n'kukhala chete.