Bango la Pakhonde

Feggie anapeza nazale ya fodya ya a Modester ili gwa, yosafesa. Mvula inali pafupi, Kapelula yense akulimbirana makuponi a feteleza, koma iwo kuponi yawo anali atagulitsa kalekale.

Khomo ili Feggie ankalidziwa, poti anali wa komiti ya Mtukula Pakhomo. Linalembedwa kuti lizilandira ndalama chifukwa cha Esau, mwana wa a Modester, yemwe miyendo inapinimbira ali khanda. Ndevu anali nazo, koma msinkhu wa mwana wa sitandade wani. Tsikuli pamphasa yake panalibe munthu. Chitseko chinali chotseka.

"Esau ali kuti, mayi?"

"Wagona. Khalani apo, ndilibe nthawi," anatero a Modester, osadzuka n'komwe. "Munthu akafa, ndalama zija zimafera limodzi?"

"Zimatengera. Komiti imayamba yakhala pansi..."

"Za komiti kauzeni amuna anu. Eya kapena ayi? Ngakhale miyezi itatu yokha? Chabwino, iwiri."

Ankanenerera ngati akugula tomato pa Mtunthama. Apa m'pamene maso a Feggie anayamba kuyenda. Pansi pa chigafa panali matabwa atsopano, opala bwino. Pachingwe, nsalu yoyera. Ndipo pakhoma la pakhonde panatsamira bango lalitali lodula kumene, lija amayezera mtembo kuti adzukulu akakumbe manda oyenera.

Bango la maliro, pamudzi popanda maliro! Mayi wotani woyeza mwana wake akupuma, n'kumafunsanso ngati apitiriza kudyera dzina lake? Kapenatu kupumako kunatha kale kuseri kwa chitsekocho.

"Ndimuone Esau pompano," anatero Feggie. "Apo ayi, ndikuthamangira kupolisi."

A Modester anatsonya. Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khoma, chitenje chitawazungulira kawiri m'chiuno. Anatenga bango lija ngati ndodo, n'kukankha chitseko.

Esau anali pamkeka, akutikita m'maso, masaya ali phwii. "Mwatiyendera, achemwali?"

Feggie anacheuka. Bango linali chilili pambali pa a Modester, nsonga yake italekeza ndendende pamutu pawo.

"Chala chodinda polandira n'changa," anatero mayiwo. "Ndiye yankhani msanga. Ndikapita, uyu adya chiyani?"