Bedi la Munthu Mmodzi

Amake mapasa anali atangoviika mayunifolomu a ana m'beseni pamene mlamu wawo, mlongo wa mwamuna wawo, anatulukira pachipata ali wefuwefu.

"Mlamu, inu mukuchapa? Achimwene apereka makiyi a shopu kwa mnzawo wina. Akuti Lolemba akunyamuka, ndipo makasitomala asawayembekezere msanga. Nkhani ili ponseponse, muli mumdima ndinu nokha."

Anapukuta manja pa siketi. Kuseri kwa nyumba makina owotcherera ankalira monga ankalirira mwezi wonsewu.

Mwamuna wawo, wowotcherera zitsulo, ankamanga kanyumba pamsana pa pikapu yake yakale, ija yokoka ndi mateyala onse anayi. Poyamba iwo ankangoti ndi misala ya amuna: ena amaweta nkhunda, uyu wasankha malata. Chitseko cha bafa chinali chikulendewera chaka chachiwiri tsopano, koma kanyumbako kanali ndi zenera, thanki ya madzi, mpaka kashelefu ka makapu. Akafunsa, yankho linali limodzi: "Mudzaona."

Lero anaonadi. Munthu akuthawa.

Nthawi yake yothawiranso nanga! Panali patatha milungu isanu adokotala atawapeza ndi chotupa m'mimba. Anawauza kuti apite kuchipatala chachikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pamsewu wamakwawa, akagonekedwe mwezi ndi theka. Iwo anangoti "chabwino", nabwerera kudzaphika. Sanauze munthu. Akanapita bwanji? Mapasa akanasiyira ndani? Kumeneko wodwala amafunika womudikirira, ndipo odikirirawo amagona panja, pa makatoni. Mwamuna wosadziwa ngakhale pokhala mchere m'nyumba mwake angazithe zimenezo?

Anazungulira nyumba, mlamu ali pambuyo. Bamboyo anazimitsa makina, nakweza chigoba chakumaso. Amake mapasa sanamuyang'ane. Anaponda pa kamakwerero, nasuzumira mkati. Munali fungo la penti. Kastovu, ndowa ziwiri, chingwe choyanikira zovala, ndi bedi lopapatiza, loti munthu ukatembenuka ugwa.

"Bola, mlamu," anawanong'oneza mlamu uja. "Apa mkazi wina sangakwanepo."

Zimenezo ndiye zinawabaya kwambiri. Akanakhala mkazi, bwenzi akudziwa womulondola. Koma uyu sankathamangira munthu ayi. Ankangothawa iwo.

"Ndiye mukupita kuti, abambo ake mapasa? Nenani msanga, zochapa zikundidikira."

"Taonani kaye dengali. Ndathirapo ndowa zitatu, silinadonthe."

"Ndafunsa za denga ine? Zaka khumi ndi zinayi ndikukuchapirani maovolosi onunkha utsi, lero mwadzimangira chigoba ngati nkhono kuti muziyenda nacho! Ine ndimve kwa alamu, pamaso pa beseni?"

"Amake, tatsitsani mawu."

"Nditsitse kuti amve ndani? Msika wonse wamva kale. Pitani. Sindikugwirani mwendo, mphamvu zake ndilibe. Koma ana mukawauze nokha, ine ndatopa."

Atanena zimenezo m'mimba munapota. Anagwira chitseko cha galimoto mpaka ululu utadutsa, akunamizira kuona mahinjesi.

Bamboyo anavula magolovesi pang'onopang'ono, nawaika pa teyala. Anayamba ndi mlongo wake.

"Achemwali, ndimati ndikupempheni madzulo, koma poti mwafika kale ndi nkhani: kuyambira Lolemba mapasa mukhala nawo ndinu."

Mlamu anangoti kukamwa yasa. Amake mapasa anaseka kowawa.

"Mpaka kundilanda ana?"

"Kuchipatala munalembetsa nambala yanga, amake. Yanu ija simunaisungepo pamutu. Ayimba kanayi kufunsa chifukwa chake simukubwera. Ndikanakufunsani kale mukanandikanira, ndimakudziwani. Inu muzikagona mu wodi, ine m'kanyumbaka pageti."

Amake mapasa anabwerera kubeseni. Anatola kayunifolomu kamodzi, koma manja anakana kufinya.