Sabata Yachitatu Galimoto Isanalire

A Dizilo anapopanso kapampu ka pa fyuluta mpaka chala chachikulu chinachita dzanzi. Anazungulira, n'kukhala pa chiwongolero, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola kanayi ngati nkhalamba yosuta fodya, kenako zii. Iyi inali sabata yachitatu.

Dzina la Dizilo sanabadwe nalo. Analipata atayendetsa mathiraki zaka makumi atatu, koma makamaka analipata chifukwa cha pakamwa. Banja litaganiza zogula galimoto, ana ankafuna ya petulo. Bambo anakana kwamtuwagalu. Ankati injini ya dizilo siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula n'kukuuza pomwe pakupweteka. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi galimotoyo inawaikira umboni. Inanyamula zidzukulu, matumba a simenti ndi odwala a mumsewu wonse, osakana ngakhale m'mawa wozizira. Chilema chake chinali penti yokha, imene inakandika kawiri mwezi watha pa geti, ndipo a Dizilo anatukwana mmisiri amene anamanga geti yopapatiza chotero.

Tsopano inali itangoti gwa pabwalo, nkhuku za aneba zikubisala dzuwa kunsi kwake. Mwana wawo woyamba anali atagamula kale pa foni kuti Loweruka igulitsidwe. Wogula anali a Sipanala.

Apa ndiye panali pachilonda. A Sipanala anali makaniki, bwenzi lawo la ponda apa m'pondepo kuyambira masiku a mathiraki. Anabwera katatu kudzaona galimotoyo. Ulendo uliwonse ankatsegula boneti, n'kusuzumira, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, pampu yatha iyi. Yatsopano mtengo wake ndi galimoto ina. Ingondipatsani ine, ndiiphwasule, ndigulitse masipeya."

Ankachoka manja ali mbee, opanda kadontho ka oyilo. Kodi makaniki wanji amene amaweruza pampu osamasula ngakhale nati imodzi? A Dizilo anaona msampha wonse. Munthuyo wakhudza penapake, akufuna kutola galimoto yamoyo pa mtengo wa zitsulo zakutha. Zinawawawa koopsa, chifukwa ameneyu anali munthu amene anagona naye m'kabini imodzi ndi kumwera naye kapu imodzi.

Mayi a kunyumba okha ndi amene ankawatonthoza. Ankawabweretsera tiyi pabwalo pomwepo, n'kuwapukuta girisi pachipumi ndi nsonga ya nsalu. "Mudzipweteka mtima, bambo. Zitsulo zimatha. Ilekeni ipite."

Lachinayi, mayi atapita kumsika, a Dizilo anaimbira makaniki wina amene nambala yake anapatsidwa ndi aneba. Sanauze aliyense. Panafika mayi wa ovolosi yabuluu, bokosi la zida lili m'manja. A Dizilo anatsala pang'ono kumubweza, koma Loweruka linali pakhomo, ndipo wopempha sasankha.

Mayiyo sanalankhule zambiri. Anati apotokole kiyi kamodzi, iye khutu lili pa injini.

"Ikuzungulira bwinobwino. Dizilo ndiye sakufika."

"Ndi zimene ndakhala ndikunena!" anatero a Dizilo. "Ndiye mwina ikukoka mpweya penapake. Paipi yochokera ku thanki ndiitsata ndekha. Inu onani kumtundako."

Anayala thumba kumbuyo kwa galimoto, mbali ya ku mpanda, n'kukwawira pansi chagada, tochi ali nayo kukamwa. Mafupa analira, koma sanasamale. Ankapapasa paipiyo pang'onopang'ono, uku akukonza mawu okawalandira nawo a Sipanala Loweruka. Adzawasiya alowe pa geti, atulutse ndalama zawozo, kenako iwo adzalize injini pamaso pawo. Adzawauza kuti ubwenzi wa zaka makumi atatu augulitsa pa mtengo wa masipeya. Sadzawapatsa ngakhale mpando.

Paipi inali youma kunja, yosadontha, kuyambira ku thanki mpaka pakati. Kumtunda anamva mayiyo akutsegula kabokosi kapulasitiki pafupi ndi batire.

Geti inalira. A Dizilo anacheuka, n'kuona masilipasi a mkazi wawo akuyandikira, jumbo ya kumsika ikulendewera pambali. Mapaziwo anaima mwadzidzidzi kutsogolo kwa galimoto. A Dizilo anafuna kuitana, koma tochi inali kukamwa, ndipo mkazi wawoyo anayamba kulankhula ndi makaniki uja, motsitsa mawu.

"Akutumani a Sipanala, eti? Bambo ali m'nyumba? Agona?"

"Mayi, injini iyi ilibe vuto lililonse," anayankha makaniki uja. "Ikhoza kuyenda zaka zina khumi. Pakusowa fyuzi imodzi yokha, yotsegulira dizilo kuti alowe m'pampu. Sinapse ayi. Munthu anachita kuizula."

"Tsitsani mawu, mwanawe. Ndikudziwa. Ndinazula ndine, a Sipanala atandilozera, ndipo ili m'chikwama muno. Chonde musaikemo ina. Adokotala a maso anati bambo asadzagwirenso chiwongolero, ndiye ine ndi ana tinagwirizana kuti tisawauze. Bola azida galimoto kusiyana n'kudziwa kuti atha ndi iwowo."